Galu: Kuchoka Pansi pa Nkhokwe Kufika Pabalaza

Nthano ya Kaphirintiwa, imene Achewa akhala akusimbirana kuyambira kalekale ndipo Bambo Matthew Schoffeleers anaisunga m'zolemba zawo, imati pachiyambi Chauta, anthu ndi nyama zonse ankakhala pamodzi mwamtendere. Tsiku lina mwamuna anapeka moto ndi timitengo tiwiri, kena kofewa kena kolimba. Motowo unagwira udzu, tchire lonse n'kuyaka. Njovu, mkango ndi nyama zina zinathawa zili ndi mkwiyo, ndipo Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Galu ndi mbuzi ndiwo anathawira kwa munthu kukafuna chitetezo, ndipo kuyambira tsikulo sanachokenso pakhomo pake.

Mbuzi anaimangira khola, nkhani yake n'kuthera pomwepo. Koma za galu nthanoyi sinanene kuti azigona pati, ndipo funso limeneli lafika tsopano m'mabanja ambiri. Agogo akachoka kumudzi kukacheza kwa ana awo ku Area 47, ku Namiwawa, ku Johannesburg kapena ku London, amapeza galu atagona pabalaza, mdzukulu atamutsamira. Iwo amaona kuti mwambo watha. Mdzukulu naye akapita kumudzi n'kuona galu akugendedwa chibuma chifukwa chosuzumira pakhomo, amati ndi nkhanza. Pakati pa awiriwa pali agalu ambiri amene amamenyedwa, kumangidwa pa unyolo moyo wawo wonse, kapena kukatayidwa kumsewu chifukwa choipitsa m'nyumba, chikhalirecho palibe amene anawaphunzitsapo. Mlandu wotere umaweruzika bwino ukayambidwa kumene unayambira.

Kumene galu anachokera

Akatswiri a mafupa akale ndi a za chibadwa cha nyama amagwirizana kuti galu anachokera kwa mmbulu wotuwa wa ku Ulaya ndi ku Asia. Mmbulu umenewu ndi wosiyana ndi mimbulu yamawangamawanga ya m'nkhalango za mu Africa, ndiponso si nkhandwe. Galu ndiye chiweto choyamba cha munthu. Analipo ng'ombe, mbuzi ndi nkhuku zisanawetedwe, ngakhale ulimi umene usanayambe. M'chaka cha 1914 anthu ophwanya miyala ku Oberkassel, pafupi ndi mzinda wa Bonn ku Germany, anafukula manda a zaka pafupifupi 14,000 mmene munali mwamuna, mkazi ndi galu wamng'ono. Kafukufuku wa mano a galuyo, amene anafalitsidwa mu 2018, anasonyeza kuti anadwalapo matenda aakulu ali kamwana, matenda oti sakanapirira nawo masabata ambiri popanda womusamala. Kagalu kodwala sikasaka ndipo sikalondera. Amene anakasamala anatero chifukwa chokakonda.

Mu Africa galu analowera kumpoto, kudzera ku Egypt, zaka zoposa 6,000 zapitazo. Anthu a kumeneko ankatcha agalu awo maina ndi kuwaveka zikopa m'khosi. Mu 1935 George Reisner anapeza ku Giza mwala wa zaka zoposa 4,000 wonena za galu wina dzina lake Abuwtiyuw, amene anali mlonda wa Farao. Galuyo atafa, mfumu inalamula kuti aikidwe m'manda mwaulemu, ndipo inapereka bokosi, nsalu zabwino ndi lubani. Mwambi uja wakuti galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu unali woona ngakhale m'mbali mwa mtsinje wa Nile.

Kuchokera kumeneko agalu anatsikira kummwera pang'onopang'ono pamodzi ndi anthu oweta ziweto ndi osula zitsulo. Mafupa akale kwambiri a galu amene anapezeka ku South Africa, pafupi ndi malire a Botswana, ndi a cha m'ma 570 Yesu atabadwa. Galu wa m'midzi ya ku Malawi, wa ubweya waufupi, mphuno yosongoka ndi mchira wopindikira m'mwamba, ndi mdzukulu wa agalu amenewo. Anthu ena amamunyoza poyerekeza ndi agalu ochokera kunja, koma iye amapirira kutentha, njala ndi nkhupakupa kuposa ambiri a iwo. Mu 1998 Johan Gallant ndi anzake anakhazikitsa bungwe la Africanis Society ku South Africa pofuna kuteteza agalu a mtundu umenewu.

Galu wa pamudzi

M'midzi ya makolo galu anali wantchito. Ntchito yake yoyamba inali uzimba. Iye ndiye ankavumbulutsa kalulu, insa ndi gwape, ndiponso kuimitsa nguluwe mpaka eni nthungo atafika. Ntchito yachiwiri inali ulonda: kuuwa fisi akayandikira khola la mbuzi, ndi kupirikitsa anyani m'munda chimanga chikamakhwima. Malipiro ake anali matumbo a nyama yophedwa, mkute, makoko a nsima ndi phala la madeya. Alenje ankamudziwa bwino galu wawo, ndiye chifukwa chake anasiya mwambi wakuti galu wamkota sakandira pachabe. Galu wodziwa zinthu akayamba kukanda pansi ndiye kuti pali kanthu, monganso munthu wamkulu akachenjeza amakhala ataona kena kake.

Dzina la galu kawirikawiri linkakhala uthenga. Munthu amene sakanatha kuyankha poyera mlamu wake kapena mnansi wamiseche ankatcha galu wake dzina ngati Mudzatopa kapena Zilikwanu. Madzulo aliwonse poitana galu ankakhala akuyankhula ndi mudzi wonse, ndipo mwini nkhani ankadzimva yekha popanda wopita kubwalo.

Ngakhale zinali choncho, galu anali ndi malire. Malo ake anali pakhonde, pansi pa nkhokwe kapena paphulusa lofunda, ndipo m'nyumba sankalowa. Zifukwa zake zinali zomveka. Nyumba inali yaing'ono, pansi pake pozira ndi dothi limene amayi ankavutikira kukatapa kudambo. Anthu ankagona pamphasa ndi kudyera pansi, mbale ya ndiwo ili pa msinkhu wa mphuno ya galu. Galuyo ankabwera ndi utitiri, atadya zakudzala ndi zakuthengo. Choncho malamulo ake anali odziwika kwa mwana aliyense: asalowe m'nyumba, asapise mlomo mumphika, asagwire nkhuku, asadye mazira, ndipo anthu akamadya akhale chapatali mpaka ataponyeredwa nthongo. Aphunzitsi ake anali ana, amayi ndi agalu anzake aakulu, ndipo zida zophunzitsira zinali likhweru ndi mawu awiri, choka ndi tuluka. Za kudzithandiza sizinkafuna phunziro, pakuti galu wokhala panja amadzipitira yekha kuthengo.

Si zonse za nthawi imeneyo zimene zinali zabwino. Galu wakuba mazira ena ankamuika dzira lotentha m'kamwa, ndipo wogwira nkhuku ankamenyedwa koopsa kapena kuphedwa kumene. Chichewa chinasunga mitima yonse iwiri ya makolo pa galu. Kunena munthu kuti ndi galu ndi chipongwe chachikulu, ndipo njala yoopsa imatchedwa galu wakuda. Komabe mwambi wakuti chinakomera mbuzi kugunda galu umaima kumbali ya galu. Mbuzi ikagunda galu anthu amaseka, koma galu akabwezera ndiye mlandu. Amene anapeka mwambiwu anali ataona kukondera kumeneku pabwalo pawo.

Fungo m'nyumba ya mfumu

Ku Ulaya galu analowa m'nyumba kale kwambiri, koma mwambo wa m'nyumbamo unadza mochedwa. Mumzinda wa Pompeii ku Italy, umene unakwiririka ndi phulusa la phiri la Vesuvius m'chaka cha 79, pakhomo la nyumba ina pali chithunzi cha timiyala chosonyeza galu womangidwa pa unyolo, ndi mawu ochenjeza alendo ofanana ndi amene amalembedwa pazipata za m'tauni masiku ano. Galu ameneyo anali wa pakhomo. Koma m'nyumba zikuluzikulu za ku England zaka 500 zapitazo agalu ankayendayenda kunsi kwa matebulo kutola mafupa. Pansi ankayalapo udzu wa kudambo, ndipo Erasmus, munthu wophunzira wa ku Netherlands amene anakhalako ku England, anadandaula m'kalata ina kuti eni nyumba ankangothira udzu watsopano pamwamba, wapansi n'kukhala zaka zambiri ukusunga malovu, zotsala za chakudya ndi mikodzo ya agalu.

Ngakhale kunyumba ya mfumu zinthu sizinali bwino. Charles II, amene analamulira England kuyambira 1660 mpaka 1685, ankakonda tiagalu ta makutu ogwa kotero kuti tinkamutsata paliponse. John Evelyn, amene ankalemba zochitika za masiku ake, ananena kuti mfumuyo inkalola agaluwo kugona ndi kuswera m'chipinda chake chogona, mpaka nyumba yonse yachifumu inkanunkha. Mayi wa kumudzi wozira nyumba yake mlungu uliwonse akanaona zimenezi akanagwira pakamwa.

Kusintha kunadza m'zaka za m'ma 1800, pamene mafakitale anakokera anthu m'mizinda ndipo mabanja opeza bwino anayamba kuyala makapeti ndi kugula mipando ya nsalu. Mfumukazi Victoria, amene anakhala pampando kuyambira 1837 mpaka 1901, ankakonda agalu, ndipo anthu ake anatengera. Mu 1824 ku London kunakhazikitsidwa bungwe loletsa kuchitira nkhanza nyama, limene lero limadziwika kuti RSPCA. Chionetsero choyamba cha agalu chinachitikira ku Newcastle mu 1859. Mu 1860 mayi Mary Tealby anatsegula malo osungira agalu osokera, amene pambuyo pake anasamukira ku Battersea, ndipo cha m'nthawi yomweyo James Spratt anayamba kugulitsa mabisiketi a agalu. Bungwe la Kennel Club linayamba mu 1873. Galu wa mumzinda analibe thengo lothawirako. Anayenera kudikira mpaka mwini wake atamutulutsa, ndipo apa ndi pamene kuphunzitsa galu ukhondo wa m'nyumba kunasanduka nkhani ya banja lililonse. Njira imene inafala inali yaukali: kukhudzitsa mphuno ya galu pa zoipa zake ndi kumukwapula ndi nyuzipepala yopindapinda.

Galu wa bwana

Mmodzi wa agalu oyamba a ku Ulaya kuponda dziko lino anali Chitane, kagalu kaubweya ka David Livingstone. Kanayenda naye kuzungulira kummwera kwa nyanja ya Malawi mu 1866, ndipo kanamira mu Januwale 1867 powoloka madzi m'dera limene lero lili m'dziko la Zambia. Livingstone analemba za imfa yake ndi chisoni. Dziko litakhala m'manja mwa Angerezi mu 1891, akuluakulu a boma ku Zomba, amalonda a ku Blantyre ndi eni minda ya ku Thyolo ndi Mulanje anabwera ndi agalu awo pamodzi ndi chizolowezi chowasunga m'nyumba.

Amalawi oyamba kuona galu wa pabalaza anali antchito a m'nyumba zimenezo: ophika, osesa ndi osamala maluwa, komanso amene anapita kukagwira ntchito zotere ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku Joni. Iwo anaona galu ali ndi mbale yake ndi bulangete lake, akusambitsidwa ndi sopo ndi kudya nyama, pamene womuphikirayo ankagona m'kanyumba kakuseri. Chilonda chimenechi sichinapole msanga. Kwa achikulire ena galu wa pabalaza amakumbutsa nthawi imene galu wa bwana ankaposa munthu, ndipo mdzukulu amene akudabwa ndi nkhope ya agogo ake ayenera kuidziwa mbiri imeneyi asanawaweruze. M'nyengo yomweyo maina a agalu anasintha. Mudzatopa analowedwa m'malo ndi Taiga, Bruno, Popi ndi Denja.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, nyumba za m'mayadi zinayamba kukhala za Amalawi. M'zaka za m'ma 1990 umbava utakula m'mizinda, mipanda ya njerwa inachuluka, ndipo galu anapatsidwanso ntchito yake yakale ya ulonda, koma tsopano ali wotsekeredwa. Ambiri ankamutsekera m'kakhola masana onse, ena n'kumuthirira tsabola m'chakudya, poganiza kuti akatero adzakhala wolusa. Kenaka unadza mbadwo wokulira pa wailesi ya kanema ndi woyenda maiko akunja, umene unayamba kugula tiagalu taubweya togulitsidwa m'mbali mwa misewu ya Lilongwe ndi Blantyre. Motero galu analowa m'nyumba za Amalawi mofulumira kuposa nzeru za kumuphunzitsa.

Kuchoka pa chikoti kufika pa mphotho

Nzeru zimenezi zili ndi mbiri yakeyake. Ivan Pavlov wa ku Russia, amene analandira mphotho ya Nobel mu 1904 chifukwa cha kafukufuku wake wa kagayidwe ka chakudya, anaona kuti agalu ake ankayamba kudontha dovu akangomva kapena kuona chizindikiro chakuti chakudya chili pafupi. Anasonyeza kuti galu amalumikiza zinthu ziwiri zimene zachitika motsatizana. Mu 1898 Edward Thorndike wa ku America, poyesa amphaka otsekeredwa m'mabokosi, anapeza kuti nyama imabwereza mchitidwe umene waibweretsera zokoma ndipo imasiya umene sunaipindulire.

Koma ophunzitsa agalu anayamba atsata njira ina. Mu 1910 Konrad Most, wophunzitsa agalu a polisi ku Germany, analemba buku limene linatsamira kwambiri pa kukoka chingwe ndi kukakamiza. Njira zotere zinafala ndi asilikali amene anagwira ntchito ndi agalu pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse. Mu 1951 B. F. Skinner anafotokozera anthu wamba mmene angaphunzitsire galu ndi kaphokoso kakang'ono kotsatiridwa ndi kachakudya, koma panapita zaka zambiri ophunzitsa agalu asanamumvere. Mu 1965 John Paul Scott ndi John Fuller anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa zaka 13 ku Bar Harbor, m'chigawo cha Maine, zosonyeza kuti nthawi yofunika kwambiri pa moyo wa galu ndi kuyambira masabata 3 mpaka 12. Zimene kagalu kazolowera m'masabata amenewa, kaya ndi ana, alendo, nkhuku kapena phokoso la galimoto, sikadzaziopa kakakula. Makolo akanangoti mmera mpoyamba. Potsata nzeru imeneyi, dokotala wa ziweto Ian Dunbar anayambitsa sukulu ya tiagalu ku California mu 1982, pa nthawi imene ambiri ankadikira kuti galu akwane miyezi 6 asanayambe kumuphunzitsa.

Zikhulupiriro ziwiri zakale zinagwa pambuyo pake. Choyamba chinali chakuti mwini galu ayenera kumugonjetsa ndi mphamvu monga amachitira mtsogoleri wa mimbulu. Mu 1999 David Mech, amene anakhala zaka zambiri akuonerera mimbulu kuthengo, analemba kuti gulu la mimbulu ndi banja chabe la bambo, mayi ndi ana, ndipo kulimbirana ufumu kumene ena anaona kunali kwa mimbulu yosadziwana yotsekeredwa mumpanda umodzi. Chachiwiri chinali chakuti galu akagwetsa makutu ndi kupinda mchira ndiye kuti akudziwa kulakwa kwake. Mu 2009 Alexandra Horowitz wa ku New York anayesa agalu 14. Eni ake ankaletsa galu kudya kachakudya n'kutuluka m'chipinda, ndipo pobwera nthawi zina ankauzidwa zabodza za chimene galu wachita. Nkhope yamanyazi ija inkaoneka galu akakalipiridwa, kaya wadya kaya sanadye, ndipo inkaoneka kwambiri mwa agalu osalakwa. Galu wopinda mchira amakhala akupepesa mkwiyo umene akuuona pankhope ya mbuye wake. Kumumenya madzulo chifukwa cha mkodzo wa m'mawa kumangomuphunzitsa kuopa munthu, ndipo kawirikawiri amayamba kukabisala kuseri kwa mpando podzithandiza.

Phunziro la ukhondo

Chimene chimathandiza mwini galu ndi chakuti galu amabadwa wosafuna kuipitsa pogona pake. M'masabata oyambirira mayi wake amanyambita tiana kuti tidzithandize ndipo amayeretsa pogona. Tikakwana masabata atatu timayamba kukwawira kunja kwa chisa patokha, ndipo pofika masabata 8 kapena 9 timakhala titasankha mtundu wa malo amene tizikonda, kaya ndi udzu, dothi kapena simenti. Ntchito ya mwini galu ndi kukulitsa chisa chimenechi m'maganizo a kagalu mpaka kaone nyumba yonse ngati pogona pake.

Chikhodzodzo cha kagalu ndi chaching'ono. Ophunzitsa agalu amawerengera mwachidule kuti kagalu kamatha kupirira ola limodzi pa mwezi uliwonse wa msinkhu wake, kotero ka miyezi iwiri sikangadikire kupitirira maola awiri masana. Mwini wake amakatulutsa kakangodzuka, kakangotha kudya kapena kumwa, kakatha kusewera, ndiponso asanakagone. Amapita nako pamalo amodzimodzi, kutali ndi chitsime, dimba la ndiwo ndi posewerera ana, n'kuima nako mpaka katatha. Pomwepo, pasanathe kamphindi, amakayamikira ndi mawu okoma ndi kachidutswa ka chakudya. Mphotho yochedwa kagalu sikaimvetsa. Chakudya chikamaperekedwa pa nthawi zodziwika, nthawi zodzithandiza nazo zimadziwika. Kagalu kakayamba kununkhiza pansi ndi kuzungulirazungulira, ndiye kuti kakupempha kutuluka.

Pamene palibe wokayang'anira, kagalu kamakhala m'malo aang'ono okwanira kuimirira, kutembenuka ndi kugona, koma kwa maola ochepa okha, osati tsiku lonse. Kakapezeka kali pakati poipitsa, mwini wake amakanyamula mwakachetechete kupita nako panja. Kakapezeka katatha kale, chotsala ndi kukolopa basi. Kukolopako kukhale kwenikweni, pakuti mphuno ya galu ili ndi timinyewa tomvera fungo toposa 200 miliyoni pamene ya munthu ili ndi pafupifupi 6 miliyoni, ndipo pamene pakununkha mkodzo galu amapayesa chimbudzi. Mankhwala okolopera okhala ndi amoniya amaonjezera vuto chifukwa fungo lake limafanana ndi la mkodzo. Agalu ambiri amakhala odalirika pakati pa miyezi 4 ndi 6, ena mpaka chaka. Mphini yobwereza ndiyo imawala, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Galu wamkulu amene anali waukhondo akayamba mwadzidzidzi kuipitsa m'nyumba, afunika kuonedwa ndi alangizi a ziweto, chifukwa kawirikawiri amakhala akudwala.

Ulemu wa pabalaza

Malamulo ena a m'nyumba ndi omwe aja a pamudzi, angosintha malo. Galu asapemphe anthu akamadya. Izi zimatheka pokhapokha ngati palibe aliyense, ngakhale mdzukulu wamng'ono, amene amamuponyera fupa kunsi kwa tebulo. Galu akhale ndi mphasa yakeyake pakona, ndipo aphunzitsidwe kupitapo akauzidwa. Asadumphire alendo. Galu amadumpha pofuna kupatsa moni, choncho akadumpha munthu amufulatire, ndipo akakhala pansi ndi pamene asisitidwe. Mlendo wachikulire kapena woopa agalu akafika, galu apite pamphasa pake kapena panja, pakuti ulemu wa mlendo umaposa ufulu wa galu.

Kutafuna nsapato si mwano. Kagalu kamakhala ndi mano 28 a ukhanda, amene amaguluka kuti pamere 42 a ukulu pofika miyezi 6 kapena 7, ndipo nkhama zimanyerenyetsa. Kapatsidwe chinthu chake chotafuna, nsapato zisungidwe pamwamba. Chokoleti, anyezi ndi mphesa ndi poizoni kwa galu, ndipo mafupa ophika a nkhuku amasweka n'kulasa m'mimba. Chachikulu pa zonse ndi chakuti banja lonse liyankhule chimodzi. Bambo akaletsa galu kukwera pampando koma mayi n'kumamulola, galuyo sanganenedwe wosamvera. Ana nawo ali ndi mwambo wawo: asamukoke mchira, asamudzutse ali mtulo, asamulande mbale akudya, ndipo khanda lisasiyidwe lokha ndi galu, ngakhale wofatsa chotani.

Chiwewe

Pali chinthu chimodzi chimene agogo okana galu m'nyumba amanena zoona kotheratu, ndicho matenda. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, makamaka mu Africa ndi ku Asia. Pafupifupi onsewa amachitenga kwa agalu, ndipo 40 mwa 100 alionse ndi ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka, wodwala sachira. Pa 6 Julayi 1885 Louis Pasteur wa ku France anapereka katemera woyamba kwa mnyamata wa zaka 9, Joseph Meister, amene analumidwa ndi galu wachiwewe, ndipo mnyamatayo anapulumuka. Kuyambira 2007 dziko lonse limakumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe pa 28 Sepitembala, tsiku limene Pasteur anamwalira.

Achikulire amakumbukira malamulo a boma oti agalu onse amangidwe, osokera n'kumawomberedwa. Akatswiri anapeza kuti njira yothandiza koposa ndi kubaya katemera agalu 70 mwa 100 alionse m'dera. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies linabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20, ndipo m'zaka zotsatira ana ofika ndi chiwewe pachipatala cha Queen Elizabeth, chimene ambiri amati Gulupu, anachepa kwambiri. Galu amene akugona m'nyumba imodzi ndi ana ayenera kubayidwa katemera wa chiwewe akakwana miyezi itatu ndi kumabwerezedwa monga alangizi a ziweto anenera, kumwetsedwa mankhwala a njoka za m'mimba ndi kuphedwa utitiri. Munthu akalumidwa kapena kukalidwa, bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Mawu otsiriza

Mbiri imeneyi ikusonyeza kuti agogo ndi mdzukulu aliyense wagwira mbali ya choonadi. Makolo anadziwa kuti galu wopanda malire amasautsa mudzi, ndipo malamulo awo asanu aja akugwirabe ntchito m'nyumba ya makapeti. Alendo nawo anadza ndi kalumo kakuthwa: anasonyeza kuti malamulowo amalowa msanga ndi kachidutswa ka nsima kusiyana ndi dzira lotentha. Banja lili ndi ufulu wosankha kuti galu wawo azigona pakhonde kapena pabalaza, malinga ndi nyumba yawo, thumba lawo ndi mtima wa onse okhalamo. Chimene banja lilibe ufulu wochita ndi kutenga kagalu m'mbali mwa msewu, kukalowetsa m'nyumba popanda phunziro ndi katemera, kenaka n'kukataya kakakula chifukwa cha zolakwa zimene sikanadziwe kuti ndi zolakwa. Galu anathawira kwa munthu tsiku la moto lija pa Kaphirintiwa, ndipo wothawira pakhomo pa munthu amayamba wauzidwa mwambo wa pakhomopo asanaimbidwe mlandu.